Tsamba pa Nsungwi ya Mayi Tham

Pamsika wathu wa pamadzi munthu saitanira malonda pakamwa. Mainjini amalira mwakuti ngakhale ukuwe mpaka mawu kusasa, angakumve ndi mkazi wako yekha, nayenso ngati wafuna. Chimene ukugulitsa umachimangirira kunsonga ya nsungwi yaitali kutsogolo kwa bwato. Wa mavwende amapachika chivwende, wa mbatata amapachika mbatata, ogula n'kumaona ali patali. Koma pali chinthu chimodzi chimene chikakwera pansungwi, msika wonse umatembenuza khosi: tsamba louma la kanjedza wa m'madzi, lija timafolera madenga. Wopachika limenelo sagulitsa masamba ayi. Akugulitsa bwato lenilenilo, pamodzi ndi kanyumba kake kali momwemo.

Lachinayi lina m'mawa, mayi Tham a zinanazi anapachika tsamba.

Chinayambitsa ndi madzi. Bwato lawo linali ndi mng'alu pansi, chakumbuyo pafupi ndi injini, ndipo kwa zaka zitatu ntchito yawo yoyamba akadzuka inali kugwada ndi chigubu chodula pakati n'kumakapa. Utomoni womatira amuna awo, a Lanh, anagula kalekale. Chitini chake chinkakhala pansi pa benchi ndipo chinali chitagwira ntchito zambiri: ankachikhalira, ankaikapo khofi, ankatsamiritsapo wailesi. Yomata yokha ndiyo chinali chisanaiyambe. Mayi Tham akadandaula, a Lanh ankayankha mofatsa kuti bwatolo ndi la mayi, anawasiyira ndi malemu bambo awo, choncho zokapa ndi za mwini bwato. Iwo ndi mkamwini chabe, munthu wokwera nawo. Yankho limeneli linkawasangalatsa kwambiri moti sankaona chifukwa chofunira lina.

Musawayese aulesi a Lanh. Ankatsitsa zinanazi mazana asanu asanalawe khofi, ndipo mchenga uliwonse wobisala mumtsinje wa Hau ankaudziwa ngati anauthira okha. Chaka chatsopano chilichonse ankapenta maso awiri aja timajambula kutsogolo kwa bwato mosamala kuposa mmene ankametera ndevu zawo. Koma alipo amuna amene ntchito yoti anthu aione amaithamangira, ya pansi pa matabwa n'kumaiuza kuti mawa. Ine ndawaona ambiri, ndipo ena ndi abale anga.

M'mawa umenewo madzi anafika m'akakolo ndipo anali atanyowetsa thumba la mpunga. Mayi Tham anaterereka n'kukhala pansi m'madzimo. Sanatukwane. Anadzuka, anasolola tsamba limodzi padenga, anatsitsa nsungwi, anamasula chinanazi, anamanga tsamba, n'kuikwezanso. Pambali pawo panali pataima kabwato ka a Muoi, mayi wamasiye wa dzino lagolide wogulitsa phala la mpunga lothira nsomba, amene tsiku lililonse ankayambira malonda awo pamenepo. A Muoi anaona zonse, chipande chili m'malere.

A Lanh anatuluka ndi mswachi m'kamwa, anayang'ana kumwamba, n'kulavulira thovu mumtsinje.

"Mayi a Diem, chimenecho n'chiyani?"

"Maso muli nawo."

"Ndiye chiphapha chimenechi agule ndani? Ineyo mutandigulitsa ndingakupatseni mbale imodzi ya phala la a Muoi. Lopanda nsomba."

Anaseka okha, anavala chipewa, n'kuyamba kudumpha bwato ndi bwato kupita kwa wogulitsa khofi kumene anzawo ankasewera tchesi. Sankakayika kuti pobwera apeza chinanazi chabwerera pamalo pake.

Tsono kwathu kuno munthu woyamba kutchula mtengo m'mawa si munthu wamba. Ndiye wotsegula tsiku. Ngakhale atchule motsika, umayesetsa kuti mugwirizane, ndipo iyenso sayenera kuchoka chimanjamanja. Akatchula n'kuchoka wakusiyira tsoka, ndiye umayatsa kapepala n'kukazunguliza pamwamba pa katundu kuti tsokalo limutsatire mwini wake. Ukatero, za munthu ameneyo zatha. Lero wotchula n'kuchoka anali a Lanh. Mayi Tham anang'amba nyuzipepala yakale, anatenga machesi. Kenako anayang'ana msana wa munthu wodumpha mabwato uja, umene masiku ano unali utayamba kuwerama. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi anagona naye pamphasa imodzi. Kumuwotchera pepala ngati mlendo wobwera ndi tsoka kunawakanika. Anabweza machesi pashelefu, pepala n'kupukutira mpeni.

Sipanapite mphindi khumi, a Cung okhoma mabwato anali atakwera kale, kanyundo kali m'manja. Moni wawo unali waufupi. Anazungulira bwato lonse akugogoda matabwa, khutu lili pafupi. A m'mbali anawayamikira, kuti otere masiku ano sapezeka. A pansi anawapukusira mutu. Atafika pa nsanamira yapakati yochirikiza denga anaima. Nsanamirayo inali yodyeka m'chiuno, mzere wakuya ndi wosalala wozungulira yonse pamsinkhu wa bondo. A Cung anati imeneyo yafooka, n'njofunika kusintha, ndipo pamtengo achotserapo. Zonse pamodzi anatchula mamiliyoni makumi anayi ndi asanu a dong, ndalama yathu ya kuno.

Mayi Tham anawakumbutsa kuti bambo awo pokhometsa bwatoli anagulitsa mpunga wa zaka ziwiri ndi ndolo zagolide za mayi awo. A Cung anavomera kuti nkhaniyo anaimva, koma iwo sagula zimene malemu analipira, amagula zimene zatsala.

Pambuyo pawo panabwera wogula zitsulo zakale, amene bwato sanaliyang'ane n'komwe, ankangofuna injini, ndipo ankaiwerengera pakilo ngati nyemba. Panabweranso mkamwini wa ogulitsa kabichi. Ameneyo sankafuna bwato kapena injini, ankafuna malo amene limaimapo ndi manambala a foni a makasitomala. Mwana wawo wamkulu, Diem, wogwira ntchito pahotela mumzinda wa Can Tho, anawauzapo tsiku lina kuti m'Chingerezi zimene unalipira pogula chinthu zili ndi dzina lake, zimene ukuitanitsa pochigulitsa zili ndi lakenso, ndipo kufunika kwa chinthucho kuli ndi mayina ena angapo. Nthawi imeneyo mayi Tham anaseka, nati n'chifukwa chake azungu amalipira kawiri pachinanazi chimodzi, mayina awachulukira. Lero sanaseke. Pofika eyiti koloko bwato limodzi lomwelo linali ndi mitengo inayi, ndipo panalibe ngakhale umodzi wonena za bwato limene iwo ankalidziwa.

Zoona zake n'zakuti sankafuna kugulitsa. Ankafuna kuti a Lanh abwere, aime patsogolo pawo, anene kuti mayi tsitsani tsambalo, ndimata lero. A Lanh nawo, kubwato la khofi kuja, tchesi ankasewera ndi diso limodzi, linalo lili pansungwi, kudikira kuti mayi atsitse okha. Onse awiri anali ouma mitu kuyambira unyamata, ndipo ukalamba sunawafewetse.

Ndiye panatulukira kaboti koyera kothamanga, ndipo m'menemo munatsika munthu wovala nsapato zachikopa. Pamsika pathu nsapato zachikopa zimanena zambiri. Anali bwana Vinh, mwini malo ogona alendo kumtunda, munthu wa zaka ngati makumi anayi, waulemu wake, woseka msanga. Anavula nsapatozo asanaponde pamphasa, anawatchula mayi Tham kuti azakhali, n'kupempha kuti aone bwato.

Zonse zimene a Cung anachotsera mtengo, bwana Vinh anazikonda. Zigamba za m'mbali anazijambula ndi foni. Mwaye wa pamalo ophikira anati asadzaupale aliyense. Atafika pa nsanamira yodyeka ija anagwada, anaisisita ndi chala, nati palibe mmisiri angapange chotere ngakhale mutamulipira bwanji, alendo ake akaona adzapenga. Za mng'alu wa pansi anati zilibe kanthu. Kenako anafunsa mtengo.

Tsamba likakhala pamwamba, wogula sumuuza kuti sindikugulitsa. Kumeneko n'kuseweretsa anthu. Chimene timachita n'kutchula mtengo woti munthu aseke, athokoze, azipita. Mayi Tham anafuna nambala yaikulu kwambiri imene inabwera m'mutu mwawo.

"Mamiliyoni mazana atatu, mwana wanga."

"Ndavomera, azakhali."

Mabwato oyandikana anali atazimitsa mainjini kalekale kuti amve bwino, choncho mawu awiriwo anafika kwa wa mavwende, kwa wa maungu, mpaka kwa wa anyezi. Mayi Tham anazindikira kuti adzikola okha. Pamtsinje pano sitilemberana mapepala. Alimi a kuminda ankawapakirira zinanazi bwato lodzaza pongomva mawu awo basi, ndipo zaka zonsezi mawu amenewo sanabwererepo m'mbuyo. Munthu amene watchula mtengo pamaso pa msika, wogula n'kuvomera, iye n'kusintha, mawa lake amapeza kuti aliyense akufuna ndalama patsogolo ndipo moni wafupika.

Bwana Vinh, posadziwa chilichonse, anafotokoza mokondwa zimene akachite. Bwatolo akalikokera kumtunda n'kulikhazika pamiyala pakati pa maluwa. M'mbali akabowola khomo, m'kati akaika matebulo anayi omwera khofi. Denga akalikweza kuti azungu asamagunde mitu, ndiye nsanamira ija akaidula n'kuipachika pakhoma pansi pa nyali. Maso a kutsogolo sakawafufuta, akawasiya momwemo, akayang'ana koimika magalimoto.

Anatulutsa foni kuti atumize chikole pompo. Mayi Tham anawaonetsa yawo, yamabatani, yomangidwa ndi mphira, nati chikole cha bwato chimaperekedwa m'manja, ndipo mpaka chitalowa m'manja tsamba silitsika. Bwana Vinh anati zimenezo n'zomveka, apita kubanki, ola limodzi silikwana. Anavala nsapato, kaboti koyera n'kung'amba madzi kulowera kumzinda.

Mayi Tham anakhala pansi pakati pa zinanazi zosagulidwa. Tisanamizane, ndalamazo zinali zambiri, ndipo mtima wawo unazizungulira kangapo. Zikanamanga zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya Diem. Mawondo awo akanapuma. Msika nawonso unali kuchepa chaka ndi chaka, chifukwa malole amafika kuminda msanga kuposa mabwato. Munthu wanzeru akanalandira n'kuthokoza.

Dzanja lawo linapita lokha pa nsanamira. Mzere umenewo unadyedwa ndi chingwe. Ana a pabwato akayamba kukwawa timawamanga m'chiuno kuti asagwere m'madzi, ndipo Diem anakoka chingwecho zaka zitatu, kuzungulira, kuzungulira, kufuna kuona nsomba. Atamumasula iye anamangapo mlongo wake Toan, wamphamvu ngati mwana wa njati. Mayi Tham ankagulitsa zinanazi kutsogolo, khutu lili kumbuyo, ndipo bola chingwe chikulira pa nsanamira ankadziwa kuti mwana ali moyo. A Cung anachotserapo ndalama pamzere umenewu, bwana Vinh anawonjezerapo. Iwo anangoona kuti sungachoke m'bwato muno iwo ali ndi maso, ndipo misozi inawatuluka, ya chisoni ndi ya mkwiyo wodzikwiyira okha.

Foni inalira. Nkhani pamtsinje imathamanga kuposa boti, ndipo Diem anali atamva kale kuhotela. Analankhula mosapumira, kuti amayi gulitsani, mwayi wotere subwera kawiri, chipinda ndikonza lero lomwe. Mayi Tham anamusiya amalize, kenako anamuuza kuti wogulayo akufuna kudula nsanamira yapakati.

"Ija munkandimangirira ngati mbuzi?" anafunsa Diem akuseka. Kusekako kunatha pang'onopang'ono. "Imeneyo asadule, amayi. Muuzeni atenge zina zonse."

Mayi Tham anayang'ana kubwato la khofi. A Lanh anali atasiya tchesi. Anaima padenga, chipewa chili m'manja, akuyang'ana kuno, koma phazi silinasunthe.

Kabwato ka phala kanagunda m'mbali, a Muoi n'kuponya chingwe osapempha. Iwo ndi mayi Tham anakulira limodzi pamtsinje ndipo ankakangana pafupifupi sabata iliyonse. Anayamba ndi kudandaula za iwo eni, kuti bwatoli likachoka kabwato kawo azikamangirira kuti, chifukwa wa maungu ndi waumbombo ndipo wa anyezi amanunkhitsa phala. Kenako anatsitsa mawu.

"Achemwali, m'mawa muja ndinaona mwatenga machesi. Pepala munawotcha?"

"Sindinawotche."

"Ndiye mukulira chiyani? Wotsegula tsiku anatchula mtengo ine ndikumva. Simunamukane, simunamuwotchere. Munthu ameneyo akadali pamzere, ndipo ali patsogolo pa wa nsapato uja."

Zinali zoona, ndipo panalibe wa pamsika amene akanatsutsa. Chikole chinali chisanalowe m'manja. Wogula woyamba akabwera ndi zimene anatchula, n'kulandiridwa, palibe mawu amene abwerera m'mbuyo. Koma wogula woyambayo anayenera kubwera yekha, pamaso pa anthu onse amene anamumva akutchula bwato la mkazi wake kuti chiphapha.

"Munthu uja sangabwere," anatero mayi Tham. "Ndipo ine sindimuitana."

"Ndani wanena zoitana? Ine ndikupita kukagulitsa phala kwa anthu a tchesi."

Zimene a Muoi anakanena kumeneko mayi Tham sanazimve. Anangoona chipande chikuloza kumaso kwa a Lanh, kenako kunsungwi, kenako kumzinda. Anaona amuna a tchesi akuseka, wina akumenya a Lanh pamsana. A Lanh anavala chipewa, anachivula, anachivalanso. Nthawi inkapita. Ndiye kumtunda kwa mtsinje, pansi pa mlatho, kunaoneka kadontho koyera kakukula.

A Lanh nawonso anakaona kaboti ka bwana Vinh. Anatsika padenga mofulumira kuposa msinkhu wawo n'kulumphira m'kabwato ka phala, moti mphika unatsala pang'ono kugubuduka. Injini ya a Muoi, imene imalira bwino masiku onse, inasankha nthawi imeneyo kukana. A Muoi anagwira nkhafi ziwiri n'kuyamba kupalasa ataimirira, a Lanh ali kutsogolo atagwada, mbale ya phala lotentha ili m'manja onse awiri.

Apa msika wathu unachita zimene sindidzaiwala. Palibe anauza mnzake kanthu. Wa mavwende anangoona mwadzidzidzi kuti bwato lake laima molakwika, n'kulitembenuza chopingasa panjira. Wa maungu, waumbombo uja, anakumbukira kuti ali ndi mawu ofunika kuuza wa mavwende, n'kusendera pafupi. Wa anyezi chingwe chinamupulumuka. Kaboti koyera kanachepetsa liwiro, kanakhotera kumanzere n'kupeza kabichi, kanakhotera kumanja n'kupeza mbatata. Aliyense ankapepesa mwaulemu kwambiri, ndipo aliyense ankachedwa kuchoka.

Komabe injini ndi injini. Bwana Vinh anapeza kampata, ndipo mafunde a boti lawo anafika pa kabwato ka phala kasanafike. A Lanh anapendekera uku, anapendekera uko, phala linawatayikira pamalaya, anakuwa ndi kutentha, koma mbale sanaisiye. Mabwato awiriwo anagunda la mayi Tham nthawi imodzi, lina kumanja, lina kumanzere. Bwana Vinh anayamba kumasula zingwe za nsapato. A Lanh analibe nsapato zomasula.

Anaima patsogolo pa akazi awo akupuma mwabefu, malaya ali phala lokhalokha.

"Mayi a Diem, m'mawa ndinalankhula zopusa. Koma mtengo ndinatchula, ndipo ndabwera nawo."

Bwana Vinh anafika ndi envulopu yonenepa, nkhope ili ndi mafunso. A Muoi anawafotokozera zonse mwatsatanetsatane, ndi zina zowonjezera. A Cung, amene anali atabweranso kudzaonera, anachitira umboni kuti mwambo ndi womwewo, ndipo phulusa la pepala iwo sanalione pabwato ponse ngakhale anagogoda paliponse. Bwana Vinh mwambowo ankaudziwa, mayi awo anali ogulitsa nsomba. Anayang'ana mbale, anayang'ana envulopu, n'kunena mofatsa kuti sakufuna kulanda malo a munthu, koma wogulitsa ali ndi ufulu wokana wogula woyamba, ndipo iwo awonjezera mamiliyoni makumi asanu pamwamba.

Mayi Tham anaona zipinda ziwiri zija kachiwiri, zopenta bwino, zouma pansi. Kenako anasuzumira m'mbale. Phala linali litatsala theka, koma pamwamba pake panali mitu iwiri ya nsomba, mnofu wambiri, dzira, ndi anyezi wokazinga wowaza mosaumira.

"Paja munati lopanda nsomba."

"Mtengo wakwera," anatero a Lanh. "Ndamva kuti ogula achuluka."

Mayi Tham anayesetsa kuumitsa nkhope, koma inawakanika. Anatambasula manja onse awiri n'kulandira mbale. Anakhala pa chitini cha utomoni, anatenga supuni, n'kudya pamaso pa msika wonse, pang'onopang'ono, mpaka kupsontha mitu ya nsomba. Anthu anaomba m'manja, ena anamenya mapoto, wa mavwende analiza hutala. Mtima wawo unali utapepuka ngati tsiku limene Toan anaphunzira kusambira, ndipo phala limenelo, ngakhale linali litayamba kuzizira, sanadyepo lokoma chotero.

Bwana Vinh anaseka mpaka kupukuta maso. Anati agonjapo pamalonda kambirimbiri koma kugonja ndi phala n'koyamba. Mayi Tham anawapepesa kuti awayendetsa ulendo wachabe, n'kuwauza kuti a Cung ali ndi mabwato atatu akale kumalo awo, opanda wogonamo, amene angakonde kupuma pakati pa maluwa. A Cung anasendera pafupi nthawi yomweyo. Asanachoke, bwana Vinh anagula zinanazi mazana awiri za alendo awo, pamtengo woyamba, osanenerera. A Muoi anati munthu wotereyu azibwera tsiku lililonse.

A Lanh anatsitsa nsungwi okha. Anamasula tsamba, analibwezera padenga pamene linachoka, anasankha chinanazi chachikulu kuposa zonse n'kuchikweza. Tsopano anali atayamba kuyenda chotukula chifuwa. Anauza a tchesi, amene anali atafika onse, kuti pamtsinje wonse wa Hau palibe munthu anagulapo bwato motchipa chotero, ndipo amene akufuna kuphunzira malonda abwere madzulo.

Mayi Tham anatsuka mbale, anaibweza kwa a Muoi, n'kufunsa mokweza kuti aliyense amve.

"Bambo a Diem, anthuwa ndi mboni. Bwatoli tsopano ndi la yani?"

"Langa," anatero a Lanh, akumwetulira uku ndi uku. "Ndagula ndi thukuta langa."

Mayi Tham anawerama, anatola chigubu chodula pakati chija, n'kuchiika m'manja mwawo.

"Zokapa ndi za mwini bwato. Ine ndine wokwera nawo."

Kuseka kumene kunabuka pamenepo kunamveka mpaka pamlatho. A Lanh anayang'ana chigubu, anayang'ana a Muoi, amene dzino lagolide linali pamtunda lonse, n'kuzindikira kuti amayi awiriwa awagulitsa katundu ndi mng'alu wake womwe. Kenako anaseka nawo, chifukwa panalibenso china chochita. Anakwinya buluku n'kutsikira kumbuyo kwa injini.

Anakapa tsiku limodzi lokha. Lachisanu madzi ataphwa, monga amachitira mtsinje wathu tsiku lililonse, analowetsa bwato pamatope a m'mphepete, anatsegula chitini chija ndi tchizulo chifukwa chivindikiro chinali chitachita dzimbiri, n'kukhala pansi pa bwato mpaka madzi kubwerera. Wailesi inasowa potsamira, ndipo anadandaula za zimenezo kangapo.

Loweruka m'mawa mayi Tham anadzuka nthawi yawo ya masiku onse. Dzanja linafufuza chigubu mwachizolowezi, phazi n'kutsika kukafuna madzi. Linaponda thabwa louma. Anayendetsa phazilo uku ndi uku, mpaka kumbuyo kwa injini, ndipo paliponse panali pouma. A Lanh anali akadali m'tulo, manja akuda bii ndi utomoni, dzanja limodzi litatsamira pa nsanamira yodyeka ija. Mayi Tham anaima pamenepo kanthawi osadziwa chochita ndi m'mawa wopanda ntchito. Kenako anamva kabwato kakugunda m'mbali, anasuzumira, n'kuuza a Muoi motsitsa mawu kuti asadzutse mwini bwato.

"Mbale ziwiri, achemwali. Zonse za nsomba."